Dokotala Wosabaya Jakisoni

Nsapato yanga yakumanzere inayasamula pa Ginnery Corner Lachitatu lina dzuwa lili paliwombo. Munthu wa imvi ngati ine sangayende mumsewu wa Chipembere nsapato ikuwomba m'manja, choncho ndinapatuka n'kukakhala pabenchi la mmisiri wina wosoka nsapato, kufupi ndi njira yolowera kuchipatala cha Gulupu.

"Mphindi khumi zokha, bwana," anatero mmisiriyo.

Ndinangomwetulira, poti mphindi khumi za mmisiri zimabereka ana ndi zidzukulu.

Ndinaponda phazi la sokosi pakatoni n'kuyamba kudyetsa maso. Inali nthawi yoona odwala. Amayi ankadutsa atasenza mabasiketi, ena atakumbatira mafulasiki ngati makanda. Akabaza ankalimbirana okwera, utsi wa pachiwaya uli tolotolo. Posakhalitsa panafika anthu awiri n'kukhala kumapeto kwa benchi lomwelo. Wina anali mkulu wovala jekete yomwe inkaoneka kuti yaona maukwati ndi maliro ambiri, ndipo kalankhulidwe kake kanali ka m'tsinde mwa phiri la Mulanje. Winayo anali mtsikana wa zaka za m'ma 30, chiphaso cha kuntchito chikulendewera pakhosi. Anawasambitsa m'manja mkuluyo ndi madzi a m'botolo, n'kuwapatsa mbale ya tchipisi ndi manja awiri.

Mkuluyo sanadye msanga. Anali ndi mawu pakhosi.

"Iwe mwana wa mlongo wanga, ndiuze zoona lero. Amayi ako analengeza mudzi wonse kuti wakhala dokotala. Tinavina. Mbuzi inafa. Lero azakhali ako agona muwodi umu ndi chifuwa, ndikufunsa iwe mankhwala ake, ukuti tidikire adokotala. Nanga iwe ndiwe ndani?"

Mtsikanayo anaseka chogwira pakamwa.

"Malume, udokotala ulipo pawiri. Pali wa odwala, wolemba mankhwala, ndiye pali wa kafukufuku. Wanga ndi wachiwiriwo. Amautcha PhD."

"Jakisoni umabaya?"

"Ayi."

"Opaleshoni?"

"Ayi, malume."

"Dzino lokha ungazule?"

"Ngakhale limenelo."

Mkuluyo anavula chipewa n'kuchiika pabondo, ngati munthu wolandira uthenga wa zovuta. Mmisiri wa nsapato anatsokomola kuti abise kuseka. Ine ndinayang'ana kumwamba ngati ndikuwerenga masamba a mtengo, makutu ali tcheru.

"Chabwino," anatero mkuluyo. "Tiwerenge zaka. Utalemba mayeso a Fomu 4 unapita ku Zomba."

"Ku Chancellor College, zaka 4. Sayansi ya zamoyo."

Anapinda zala zinayi.

"Nditamaliza ndinabwera kuno, zaka 2 ndikuphunzira ntchito mulabotale. Kulemba manambala pamabotolo, kupima timadzi tochepa kuposa dontho la msozi, kuwerenga maselo pa maikulosikopu mpaka maso kuchita chidima."

Zala zinakwana zisanu ndi chimodzi.

"Kenako chaka chimodzi ku Liverpool, digiri yachiwiri. Kumene kuja ndinakuuzani kuti mu Disembala kumada 4 koloko masana."

"Ndikukumbuka. Unabwerako utayera ngati chinangwa chosenda."

"Ndiye PhD, zaka 4."

Zala za manja onse zinatha, mkuluyo n'kuloza chala chakuphazi.

"Zaka 11! Mnzako amene munalemba naye Fomu 4 ali ndi golosale, ana atatu ndi nyumba ya malata. Iwe zaka 11, dzino lokha osazula. Tsono umachita chiyani kuyambira m'mawa mpaka madzulo?"

Apa mtsikanayo anasiya kuseka. Anakhala tsonga, ndipo ndinaona kuti funso limeneli analiyankhapo kambiri, kwa anthu ovala masuti, koma kuyankha malume ake kunali mayeso ena.

"Ndimaphunzira za chitetezo cha m'thupi. Paja mumamva anthu akumwa ma ARV akunena za asilikali a m'thupi, kuti CD4 yatsika kapena yakwera?"

"Zimenezo ndi nkhani ya tsiku lililonse."

"Asilikaliwo sali mtundu umodzi. Tayerekezani mudzi wathu. Pali alonda oyendayenda usiku, amene akapeza chachilendo amangochimeza. Amenewo timawatcha ma macrophage. Pali ma CD4, amene ali ngati nyakwawa: sagwira mkondo, koma ndi amene amakuwa mfuu n'kuuza aliyense pokaima. N'chifukwa chake kachilombo ka HIV kakapha amenewa, mudzi wonse umabalalika. Pali osula mivi, ma B cell, ndipo muvi uliwonse amausulira mbava imodzi yokha. Miviyo ndi ma antibody. Ndiye pali nkhalamba zosaiwala nkhope. Wakuba akabweranso patapita zaka, izo zimati, uyu tinamuonapo."

"Nanga katemera?"

"Katemera ndi kununkhiza agalu malaya a mbava, mbavayo isanafike."

Mkuluyo anatola tchipisi chimodzi n'kuchitafuna pang'onopang'ono. Fanizolo linali litalowa.

"Ndiye asilikaliwo umawaona bwanji? Amaguba?"

"Amagubadi. Timatenga magazi..."

"Shhh!" Mkuluyo anacheuka uku ndi uku, mbale ili pafupi kugwa. "Usamatchule mawu amenewo pamsewu. Waiwala 2017?"

Palibe wa kummwera kuno amene anaiwala. Chaka chimenecho mphekesera ya anamapopa inabuka ku Mulanje, n'kufalikira ku Phalombe, ku Thyolo, ku Chiradzulu mpaka mu Blantyre muno. Anthu ankagona panja m'magulu, misewu inatchingidwa ndi miyala, ndipo anthu osalakwa anaphedwa chifukwa chongokayikiridwa. Mkuluyo sankachita nthabwala. Ankaopera mwana wa mlongo wake.

"Sindinaiwale, malume," anayankha mofatsa. "Ndi chifukwa chake amayi ndinangowauza kuti ndimagwira ntchito kuchipatala. Koma inu ndikuuzani zonse. Tisanakhudze munthu, kafukufukuyo amayamba waunikidwa ndi komiti yoona za ufulu wa anthu olowa m'kafukufuku. Komitiyo ikakana, zathera pomwepo. Ikalola, namwino amakhala pansi ndi munthuyo, masana dzuwa likuswa mtengo, n'kumuwerengera chikalata m'Chichewa. Akafuna amasaina kapena kudinda chala. Akakana, chithandizo chake kuchipatala sichisintha. Akavomera lero n'kusintha maganizo mawa, amatuluka. Ndipo magazi ake ndi a masupuni ochepa chabe, pomwe munthu wamkulu ali ndi malita pafupifupi 5. Kwa khanda timachepetsanso kwambiri."

Apa mmisiri wa nsapato analephera kupirira. Anachotsa ulusi pakamwa.

"Pepani akuluakulu, kulowerera nkhani ya eni. Ine ndimakhala ku Ndirande. Mu 2018 kunabwera kafukufuku wa katemera wa taifodi. Anatiuza poyera kuti ana ena alandira wa taifodi, ena wa matenda oumitsa khosi, ndipo ngakhale ife makolo sitidziwa kuti uyu walandira uti. Anzanga anati ndagulitsa mwana. Mwanayo ndi uyo ali kusekondale, akundithera ndalama."

Mtsikanayo anamutembenukira, nkhope ikuwala.

"Zikomo bambo. Ana a m'kafukufukuyo anali oposa 28,000, a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa. Zotsatira zinaonetsa kuti mwa ana khumi amene akanadwala taifodi, pafupifupi asanu ndi atatu anatetezeka. Mu 2023 katemerayo anaperekedwa dziko lonse. Mwana wanu anathandiza ana a ku Chitipa amene sadzamuona n'komwe."

Mmisiriyo anabwezera ulusi pakamwa monyadira, ngati kuti katemerayo anamusoka yekha.

"Pitiriza," anatero mkuluyo, tsopano motsitsa mawu. "Magaziwo ukawatenga?"

"Timawazunguza m'makina mpaka alekane. Ofiira amatsikira pansi, madzi achikasu amakwera pamwamba, ndipo pakati pamatsala kamzere koyera, kopyapyala ngati nkhungu ya m'mawa pa Sapitwa. Asilikali ali m'menemo. Ndimawayamwa mosamala, dzanja osanjenjemera. Ena ndimawagoneka m'chisanu cha madigiri 80 kunsi kwa ziro, ndipo oti akhale zaka timawasunga mu nitrogen yamadzi, yomwe imazizira kufika madigiri 196 kunsi kwa ziro. Tsiku lowafunsa mafunso ndimawadzutsa, n'kuwapaka utoto wowala, mtundu uliwonse utoto wake. Kenako makina otchedwa flow cytometer amawadutsitsa pamzere, mmodzimmodzi, pa kuwala kwa laser, masauzande pa sekondi imodzi. Kompyuta imandiuza kuti anyakwawa alipo angati, osula mivi angati, ogona angati, olusa angati."

"Ngati kalembera wa anthu."

"Ngati kalembera, malume. Kungoti anthu ake saoneka."

Ine ndakhala mu Blantyre muno kuyambira kale. Ndinaona sukulu ya udokotala ya College of Medicine ikutsegulidwa mu 1991, imene kuyambira 2021 ili m'yunivesite ya Kamuzu University of Health Sciences. Ndakhala ndikumva za bungwe la kafukufuku la Malawi-Liverpool-Wellcome, lomwe lili pa Gulupu pomwepa kuyambira 1995. Ndadutsa panja pa nyumba zimenezi kosawerengeka, ndikuganiza kuti m'katimo amangoyeza malungo ndi makhololo. Sindinkadziwa kuti muli ana athu owerenga magulu ankhondo m'dontho la magazi.

"Koma kalemberayo ngwachiyani?" mkuluyo sanagonje. "Katemera alipo kale. Kusikelo amapereka ulere. Iwe ukufunanso chiyani?"

"Pamenepo ndiye pali funso langa. Mukudziwa katemera wodontheza m'kamwa uja, woteteza ana ku kutsegula m'mimba? Kachilombo kake ndi rotavirus. Anayamba kuperekedwa kuno mu 2012. Asanayambe, anamuyesa kuno ndi ku South Africa, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2010. Ku South Africa anachepetsa kutsegula m'mimba koopsa kwa kachilomboka ndi 77 pa 100 alionse. Kuno 49 yokha. Ku Ulaya amapitirira 90. Botolo lomwelo, mankhwala omwewo."

"Anatipatsa wosukuluka."

"Ayi, ndi yemweyo. Ndipo musamve molakwa, wapulumutsa ana ambiri, chifukwa kuno matendawa ndi ochuluka. Mwana aliyense alandire. Koma chilipo chimene chikuchitika m'mimba mwa mwana wa kuno. Mwina agalu ake atanganidwa kale ndi mbava zina, poti tizilombo ta m'matumbo n'tambiri. Mwina ndi kuperewera kwa zakudya. Mwina mivi imene mwana walandira kwa mayi ake imagwira malaya aja agalu asanawanunkhize bwino. Zaka 4 za PhD yanga zinathera pa kachidutswa kamodzi ka funso limeneli."

"Ndiye yankho unalipeza?"

"Kachidutswa."

"Zaka 4, kachidutswa."

"Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, malume."

Mkuluyo anapukusa mutu, koma ndinaona kuti tchipisi chikuyenda tsopano.

"Zinthu zimenezi si za azungu? Iwo ali ndi makina, ali ndi ndalama. Bwanji osawasiyira?"

"Mbewu ya chimanga yochita bwino ku Dedza mumangoibzala ku Nsanje osayesa?"

"Ndingapenge?"

"Thupi nalonso lili ndi nthaka yake. Tapindani mkono wa malaya, muone paphewa."

Mkuluyo anavula jekete, napinda malaya. Panali kachipsera kozungulira, kakale.

"BCG ameneyo, katemera wa chifuwa chachikulu. Anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1921, zaka zoposa 100 zapitazo. Amateteza makanda ku TB yoopsa, monga ya muubongo. Koma ku Chilumba, m'boma la Karonga, akafukufuku anatsatira anthu masauzande ambiri kwa zaka, n'kupeza kuti BCG ankateteza anthu ku khate, pafupifupi theka, koma sankateteza akuluakulu ku TB ya m'mapapo. Ku Britain katemera yemweyo ankateteza achinyamata bwino ndithu. Zikanadziwika bwanji popanda wofufuza kuno? Ndipo ofufuzawo si alendo okha. A Henry Mwandumba ndi a Kondwani Jambo, Amalawi anzathu, pamodzi ndi anzawo anasonyeza mu 2014 kuti HIV imalowa mwa ena a alonda a m'mapapo aja, n'kuwafooketsa kuti asamameze bwino tizilombo. Anachita kutsuka m'mapapo mwa anthu odzipereka ndi madzi amchere, kudzera m'kapaipi kopyapyala, n'kuwerenga alonda otuluka m'madziwo. Pano pomwe, kuseri kwa mpanda uwu."

Mkuluyo anayang'ana mpandawo nthawi yaitali. Kuseri kwake kunali mkazi wake, akutsokomola.

"Ndiye azakhali ako..."

"Awo awathandiza madokotala a muwodi, ndipo ndi odziwa ntchito yawo. Zanga ndi za mawa. Mwina zidzathandiza zidzukulu zanu, mwinanso zidzangotsekera ena njira yolakwika kuti asataye nthawi."

Panakhala kachete. Minibasi ya ku Limbe inaima, kondakitala n'kukuwa, n'kunyamuka yopanda munthu.

"Unayamba walirapo nayo ntchitoyi?" Funsoli linatuluka mwadzidzidzi, ndi mawu ena, a munthu amene anamunyamulapo ali khanda.

"Kambiri. Chaka chachiwiri cha PhD ndinadzutsa maselo amene tinatolera miyezi isanu ndi itatu. Ndinalakwitsa ndekha, ndinachedwa kuwachotsa m'mankhwala owagonekera. Pofika pamakina onse anali atafa. Amayi anayenda mitunda kubweretsa ana awo, anamwino anagwira ntchito, ine n'kuwononga m'masana amodzi. Ndinakadzitsekera kuchimbudzi. Ondiyang'anira anangoti, lemba m'buku zonse zimene wachita, tsiku ndi nthawi, kuti wobwera pambuyo pako asadzagwe m'dzenje lomwelo. Mawa lake ndinayambiranso."

"Anakudula malipiro?"

"Ayi. Koma tulo tinadulidwa. Ndiye pali kudikira. Utoto uja sagulitsa ku Limbe. Umachokera kunja, uyenera kuyenda m'chisanu njira yonse, ndipo ukhoza kutha miyezi usanafike. Ukapeza zotsatira umalemba pepala n'kutumiza ku magazini ya asayansi. Kumeneko akatswiri osawadziwa amalisenda ngati anyezi. Langa loyamba linabwezedwa katatu lisanalandiridwe. Pomaliza PhD, anthu awiri anandikhazika m'chipinda maola atatu, tsamba ndi tsamba, kufunsa chifukwa chiyani unachita chonchi osati chonchi."

"Ngati bwalo la kwa mfumu."

"Kungoti wopalamula ndi mboni ndi munthu mmodzi."

"Tsono pano zatha. Walembedwa ntchito yokhazikika, ya penshoni."

Mtsikanayo anakanda kumutu.

"Ya zaka 2, malume. Amati postdoc. Ndikugwira pansi pa wamkulu amene anapeza thandizo la ndalama za kafukufuku. Ndalamazo zikatha, ntchito yatha. Usiku ndimalemba pempho langa kwa mabungwe othandiza sayansi, kuti andipatse zangazanga, ndikhale ndi kagulu kanga ndi ophunzira anga. Opempha ndi ambiri, a m'maiko onse, olandira ndi ochepa. Chaka chatha anandikana. Chaka chino ndayesanso."

Mkuluyo anaika mbale pansi, n'kuwomba m'manja kamodzi.

"Ndamva tsopano! Ndiwe waganyu. Waganyu wa madigiri atatu. Ukalima ndime, ulandire, ukasakenso munda wina."

Tonse tinaphulika nako kuseka, ine ndemwe amene ndinkanamizira kuwerenga masamba. Mtsikanayo anaseka mpaka kupukuta misozi.

"Simunaname, malume."

"Nanga bwanji sunatsale ku Liverpool konko? Ana a anthu akapita sabwerako. Amangotumiza zithunzi atavala majasi."

"Anzanga ena anatsala, ndipo sindiwaweruza. Kumeneko ukaitanitsa utoto lero, mawa wafika. Koma ana a funso langa ali ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Ndirande. Kale magazi ankakwera ndege kukayezedwa kunja, ife n'kutsala ndi ntchito yotolera basi. Tsopano makina ena ali konkuno. Akasowa owagwiritsa ntchito, tibwerera komwe tinachoka. Komanso mayi wa ku Bangwe akafunsa kuti magazi a mwana wanga munapita nawo kuti, payenera kukhala womuyankha m'chilankhulo chake, womuyang'ana m'maso."

Foni yake inalira. Anayang'ana n'kudzambatuka.

"Maselo anga akwanitsa maola ake m'chofungatira. Ndikachedwa ndibwereza za chaka chija. Madzulo ndibwera kuwodi ndi phala la azakhali." Anatulutsa ndalama m'kachikwama, n'kuzipinda, n'kuwafumbatitsa malume ake mobisa monga achitira ana olangizidwa.

Mkuluyo anamugwira dzanja osalitaya.

"Taima. Loweruka ndikubwerera kumudzi. Anthu adzandifunsa kuti dokotala wathu uja mwamuona? Amachiza chiyani? Ndikanene kuti chiyani? Za magazi sindikatchula, ndisakuphetse."

"Mukanene chilichonse chimene mwamva, malume."

Anaganiza, akusisita kachipsera kaja ndi chala chachikulu.

"Ndikati mwana wa mlongo wanga sachiza odwala. Amafufuza chifukwa chimene agalu a kuno sagwirira fungo msanga. Akafunsa kuti agalu ati, ndikati bwerani ndi mpando, nkhaniyi ndi yaitali." Anamutaya dzanja. "Thamanga, asilikali ako angafe. Koma za banja tidzakambirana, usaganize kuti ndaiwala."

Mtsikanayo anawoloka msewu chothamanga, chiphaso chikuuluka kumbuyo, n'kulowa pachipata pakati pa amayi a mabasiketi. Mkuluyo anavala jekete ndi chipewa, natsanzika kwa ife ngati tinadziwana kale, n'kulowera komweko pang'onopang'ono.

Ndinapezeka kuti dzanja langa lalowa m'malaya, likufufuza paphewa. Kachipsera kanga kanali pomwepo, kamene ndakhala nako moyo wonse osakafunsa kanthu.

"Bambo," ndinatero, "mphindi khumi zija sizinakwane?"

Mmisiriyo anatulutsa nsapato yanga pansi pa nsanza imene inali pamiyendo pake. Inali yosokedwa bwinobwino, yopolishidwa, guluu atauma kalekale.

"Inatha nthawi ija ankawerenga zala, bwana," anatero. "Koma ndikanakupatsani, mukanayamba kunenerera mtengo, tonse nkhani n'kutipita."